Agogo ndi mankhwala a zaka zisanu

Galimoto yanga timaitcha Agogo. Inapangidwa mu 1993, ndipo kageji kowerenga mtunda kanaima pa makilomita 412,000 ine ndisanaigule n'komwe, moti mtunda weniweni womwe yayenda amaudziwa ndi Mulungu yekha. M'mawa imatsokomola, pachitunda imadandaula, koma imafika. Kwa zaka zitatu ndinkaimwetsa madzi a pampopi. Akatsika mu rediyeta, ndinkangotenga botolo, khuthu, ulendo. Vuto silinkaoneka, kupatula kuti madziwo anayamba kufanana ndi a pachithaphwi pomwe padutsa ng'ombe.

Amene anandiyambitsa zonsezi ndi mnzanga wa kuntchito. Atasuzumira mu rediyeta anapukusa mutu. "Achimwene, iyi mukuipha pang'onopang'ono. Madzi okha amabweretsa dzimbiri, komanso a pampopi amasiya zoyera zokakamira m'timapaipi. Kaguleni coolant, mankhwala othira mu rediyeta." Zonse ananenazo n'zoona. Mlandu wake ndi woti analekezera pomwepo, zotsalazo n'kusiyira mutu wanga.

M'sitolo ya zipangizo za galimoto ndinapeza mabotolo atandanda ngati utawaleza: obiriwira, ofiira, apinki, abuluu, aolenji. Mnyamata wogulitsa anafunsa mwaulemu, "Bwana, galimoto yanu imamwa wamtundu wanji?" Funso linali labwino kwambiri. Koma kumbuyo kwanga kunali anthu pamzere, wina akugwedeza makiyi a galimoto yatsopano, ndiye ndinayankha mokweza kuti onse amve: "Galimoto yanga ndimaidziwa ndine."

Nzeru zanga zinayenda motere: wokalamba amafuna mankhwala amphamvu. Pa botolo lobiriwira panalembedwa zaka 2. Pa laolenji panalembedwa zaka 5. Ngakhale mwana wa sukulu angakuuzeni chachikulu n'chiti. Pansi pake panalinso mawu akuti concentrate, ndipo ine ndinawatenga ngati mendulo yaulemu. Mnyamata uja anayamba kunena zoti ndigulenso madzi osakanizira. Ndinamuyang'ana mwachisoni. Kundigulitsa madzi ine, munthu wa mpopi pakhomo?

Loweruka ndinavala malaya akale n'kulowa pansi pa Agogo. Nditamasula paipi yapansi, panatuluka matope ofiirira, kenako timadzi tobiriwira, chizindikiro choti mwini wake wakale anali munthu wanzeru kuposa ine. Kudontha kutaleka ndinati basi, m'kati mwayera. Sindinkadziwa kuti mu injini mwenimwenimo ndi mu hita mumatsala madzi ambiri omwe satuluka mwaulemu chonchi.

Pothira mankhwala atsopano ndinataya pang'ono pansi, galu wathu n'kubwera lilime lili panja. Mayi a kunyumba anatulukira ndi tsache ngati mphezi.

"Bambo, mukufuna kupha galu? Zimenezi muli ethylene glycol. Zimatsekemera, koma zimawononga impso, ngakhale za mwana."

"Inu mwazidziwira kuti zimenezo?"

"Zalembedwa kumbuyo kwa botololi."

Apa m'pomwe ndikanafunsa kuti kumbuyoko kwalembedwanso chiyani. Koma ulemu wanga unali utatsika kale tsiku limenelo, sindinafune kuti utsikirenso. Ndinathira botolo lonse losasakaniza, n'kuwonjezera lachiwiri, n'kutseka kapu nthawi yomweyo. Zoti injini iyenera kulira kaye kapu ili yotsegula, hita itayatsidwa, kuti mpweya wotsekeredwa utuluke, ndinazimva mwezi wotsatira.

Kwa milungu itatu Agogo anapirira. Maulendo anali afupiafupi, kuntchito ndi kubwerera. Muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini unkakwera pang'ono kuposa kale, ine n'kumati ndi mphamvu ya mankhwala.

Kenako kunabwera apongozi, bambo awo a mayi a kunyumba, ndipo ndinadzipereka kuwaperekeza ulendo wa maola awiri. Bambowa anayendetsa mabasi zaka 30. Salankhula zambiri, ndipo akamayenda ulendo amavala jekete ndi tayi, kunja kutenthe bwanji. Ine ndinkafuna aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wodziwa kusamala chuma.

Pachitunda choyamba muvi unadutsa pakati. Pachiwiri unayamba kuyandikira pofiira. Ndinavula chipewa n'kuchiika bwinobwino pamwamba pa geji, ngati kuti vuto losaoneka limachita manyazi n'kubwerera. Ndiye ndinakumbukira nzeru imodzi yoona yomwe ndinamvapo: hita ndi karediyeta kakang'ono, ukayatsa mpaka kumapeto imachotsako kutentha kwa injini. Ndinayatsa.

Muyenera kudziwa kuti windo la mbali ya apongozi silitsika lokha. Chogwirira chake chinazuka kalekale ndipo timachisunga m'kabokosi ka kutsogolo. Patangopita mphindi zisanu, m'galimoto munali ngati m'ng'anjo ya njerwa. Thukuta linayamba kuyenda kuchokera pachipumi pawo, kutsika m'mbali mwa mphuno, kukathera pa tayi. Sanavule jekete.

"Ndikungoyesako hita, bambo, nyengo yozizira isanafike," ndinatero.

"Ikugwira ntchito," anayankha.

Mwadzidzidzi mphepo ya hita ija inazizira. Mtima wanga unakhala pansi, ndinati Agogo achira. Apongozi anaika dzanja pomwe pamatulukira mphepo, n'kuchotsa chipewa changa pa geji ndi zala ziwiri, ngati akuvundukula mtembo.

"Imani, apongozi. Hita ikazizira geji ili pamwamba, ndiye kuti madzi sakufikako. Zimitsani injini."

Sanamalize n'komwe, nthunzi inali itayamba kale kufuka m'mbali mwa boneti, fungo lake lotsekemera. Ndinatsika mwachamuna, n'kutsegula boneti, n'kulunjika dzanja pa kapu ya rediyeta. Ndi tsiku limenelo lokha lomwe ndinamva apongozi akukuwa.

"Musakhudze! Mukufuna mwana wanga akhale ndi mwamuna wopanda nkhope?"

Atapuma anandifotokozera modekha. Kapu ija si chotsekera chabe. Imapanikiza madzi kuti asawire msanga, moti m'kati amatha kupitirira madigiri 120 asanabwate. Ukaitsegula ali choncho, onse amawira kamodzi n'kukuthira kumaso. Tinakhala m'mbali mwa msewu pafupifupi ola lathunthu kudikira injini izizire, ndipo ola limenelo linali bwalo la milandu. Munathira chiyani? Munasakaniza ndi madzi ochuluka bwanji? Akale munawatsuka? Mpweya munautulutsa? Pa funso lililonse ndinkayang'ana nsapato zanga, zomwe sizinandithandize chilichonse.

Itazizira anakulunga nsalu padzanja n'kutsegula okha. Kunsi kwa kapu kunali matope okhuthala, abulawuni, onanda ngati girisi. Kenako anasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kutsegulanso potsekera oyilo, kuyang'ana ngati mwayera ngati mkaka, chizindikiro choti gasiketi, chomata cholekanitsa madzi ndi oyilo mu injini, yaphulika. Munalibe. "Gasiketi yapulumuka," anatero. "Galimoto iyi ili ndi mtima wabwino kuposa mwini wake."

Agogo anakafika kugalaja pachingwe. Amakaniko, bambo wachikulire wokhala ndi sipanala m'thumba lililonse, ananyamula botolo langa laolenji n'kuyamba kundiwerengera milandu pa zala. Choyamba, mtundu wa coolant ndi utoto basi, anatero, aliyense wopanga amathira womwe wamukonda. Toyota ali ndi wofiira ndi wapinki, Volkswagen alinso ndi wapinki wotchedwa G12, koma m'kati mwake ndi zosiyana. Pa mankhwala oteteza dzimbiri, opanga a ku Japan amakonda phosphate n'kumapewa silicate, a ku Ulaya amapewa phosphate. Munthu wosankha ndi maso akhoza kupeza mabotolo awiri ofanana ngati mapasa, koma osamwerana madzi.

Chachiwiri, rediyeta ya Agogo ndi yamkuwa yowotcherera ndi mtovu, ndipo imafuna coolant wachikale uja, IAT, wa zaka 2 yemwe ndinamunyoza. Wa zaka 5, OAT, anapangidwira injini ndi marediyeta a aluminiyamu a galimoto zaposachedwa. Kusakaniza awiriwa kumafooketsa mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo pakakhala dzimbiri lakale la madzi a pampopi, zotsatira zake ndi matope omwe anatseka timapaipi.

Chachitatu chinandipweteka kwambiri. Chomwe chimanyamula kutentha bwino ndi madzi, anatero. Mankhwalawo ntchito yake ndi kuchititsa kuti madzi asawire msanga, kuwaletsa kuundana kumalo ozizira, ndi kuteteza zitsulo. Osasakaniza amanyamula kutentha moperewera. N'chifukwa chake amati theka madzi, theka mankhwala, ndipo madziwo akhale distilled, oyengedwa opanda mchere uliwonse, osati a pampopi. Mnyamata wa m'sitolo uja sankandibera ayi. Ine ndinapatsa nkhalamba mankhwala osasungunula, n'kuiwonjezera mpweya m'mimba, n'kuikweza chitunda.

Anatsuka katatu madzi asanayambe kutuluka oyera. Anasintha kapu yomwe sipuling'i yake inali itatopa, thermostat (kachipangizo kotsegulira madzi njira injini ikatentha), ndi paipi imodzi yomwe inatupa ngati chule. Pomaliza anathira wobiriwira wosakaniza bwino, n'kusiya injini ikulira kapu ili pambali mpaka thovu litasiya kutuluka.

Nthawi yonseyi apongozi anakhala m'galimoto. Pofuna kutsitsa windo, anatsegula kabokosi ka kutsogolo kufunafuna chogwirira chija. Pansi pake, pansinso pa mapepala akale ndi mafiyuzi otha, anapeza kabuku ka galimotoyi, komwe ine ndinkangopumitsirapo chogwiriracho kwa zaka zitatu. Anatsegula masamba angapo, n'kupinda kona ya tsamba limodzi, n'kundipatsira pawindo osanena kanthu. Pa tsambalo panalembedwa mtundu wa coolant, kasakanizidwe kake, ndi malita omwe amalowa.

Mwezi watha anabweranso, ndipo ndinadziperekanso kuwaperekeza. Anavomera. Atafika pa galimoto anavula jekete, n'kumasula tayi, n'kuzipinda bwinobwino pampando wakumbuyo. Kenako anatambasula dzanja.

"Chogwirira cha windo chija, apongozi. Ndi chipewa chanucho, ndikusungireni ine."