Lero tinakapalira mbande kumtsinje

Ndangofika kumene, mikono yonse yakandikakandika koma ndati ndilembe kaye ndisanagone. Lero linali tsiku lopalira kunkhalango yotetezedwa ija ya pakati pa tauni, muja mumadutsa kamtsinje. Tsiku lodzala mitengo tinalipo chigulu, ena mpaka ndi ana awo, zithunzi mbwee pa Facebook, koma lero tinangokwana anthu 7 basi. Zandiwawa ndithu sindinama. United Nations inaika 2021 mpaka 2030 kukhala zaka zobwezeretsa chilengedwe, ndiye ambiri akamva zimenezo amangoganiza zokumba dzenje nkuikamo mbande, pomwe kamtengo kamafuna kukapalira zaka ziwiri zitatu kasanayambe kudziimira pakokha.

Tinapeza mbande zambiri zitamira mu lantana. Chomera ichi aaa, kwawo ndi ku Central ndi South America, anthu anachifalitsa ngati duwa lokongoletsa pakhomo, pano chimangoyanga paliponse nkutchinga dzuwa moti pansi pake palibe chimamera, komanso mbalame zikadya tizipatso take takuda tija zimakataya njere kwina, ndiye mukamaliza uku chayamba uko. Ine ndinayamba nkungochisadza ndi chikwanje, amayi ena achikulire omwe sajomba anandiimitsa. Akuti mwanangu ukadula chonchi chiphukiranso, zula ndi chitsa chomwe. Ndinatenga khasu. Chitsa chimodzi chinandidyera pafupifupi mphindi 20, magolovesi mpaka kubooka.

Pansi pa chitsamba chimenecho mpomwe ndinapeza kamkuyu, kowonda, masamba achikasu, koma kamoyo. Ndinakhala kaye pansi nkumangokayang'ana. Tinakapalira mozungulira nkuphimbira ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe, amayi aja anandikumbutsa kuti udzuwo usagunde tsinde chifukwa limawola.

Masana tinatsikira mmadzi kukatola zinyalala, majumbo, mabotolo apulasitiki, matewera, masaka 5 anadzadza. Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi gombe la pafupi ndi ngalande yochokera kumsewu. Mvula ikagwa pa malata ndi pa phula siilowa pansi, yonse imathamangira mungalande nkufika kumtsinje nthawi imodzi ndi mphamvu, ndiye pomwe palibe mizu dothi limangogumuka, pena pake pafika mchiuno mwanga. Kumtunda komwe anzathu anadzala kale mitengo yachilengedwe gombe lili nji, ndipo ukaponda mmadzi umamva kuzizira kusiyana ndi kumunsi kopanda mthunzi. Madzi ozizira amasunga okosijeni wambiri kuposa ofunda, nchifukwa chake tizamoyo timakonda kumeneko. Mnyamata wina wasukulu anatembenuza mwala tinaona nkhanu ziwiri ndi tiana ta tombolombo, anakuwa ngati watola ndalama, kenako anabwezera mwalawo bwinobwino momwe unalili osauzidwa ndi munthu.

Sitinamalize. Mzere wonse wa mbande za kutsidya sitinaukhudze nkomwe ndipo lantana wakumeneko wayamba kale maluwa, tikachedwa abereka. Ndalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti Lachitatu ndikaweruka kuntchito ndipitakonso olo ola limodzi, awiri ayankha kale kuti abwera, mmodzi akuti abweretsa wilibala. Mawa ndikasake magolovesi ena okhuthala.