Loweruka lachisanu ndi chinayi: tinachezeredwa ndi nadzikambe

Chiperoni chinayamba Lachinayi usiku, moti Loweruka m'mawa phiri la Mulanje silinkaoneka n'komwe. Ndinkaganiza kuti ana a gulu lathu lophunzira za chilengedwe Loweruka sabwera. Koma pofika 8 koloko anali atafika 11, ena atavala majuzi a makolo awo, manja a juzi ali lendelende.

Tinayambira pa botolo lathu loyezera mvula, lija tinadula pakhosi n'kulizika kuseri kwa khola. Madzi anali ochepa, osakwana n'komwe kuphimba chikhadabo. Ana anadabwa: kwanyowa masiku awiri athunthu, madzi n'kukhala amenewa? Ndinawasiya atsutsane. Mnyamata wina wa Sitandade 4 ndiye anati chiperoni si mvula yeniyeni, koma mtambo umene watsika kudzayenda pansi. Ine sindikanafotokoza bwino kuposa apo. Ndinangowonjezera kuti dzinali linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepo yozizirayi imadzera.

Mbande za mbawa zikuyenda bwino. Mwa 30 zimene tinafesa m'mapaketi a shuga, zamera 19. Zina nkhuku zinapalasa, ndiye tatchinga ndi minga.

Tili mkati mothirira, kunamveka kukuwa kumpanda. Nadzikambe! Ana anabalalika, wina n'kutola mwala. "Anti, tisamuyandikire, ameneyu ndi watsoka!" Mantha amenewa ndimawadziwa bwino. Tonse tinakula ndi nthano ija yakuti nadzikambe anachedwa ndi uthenga wa moyo, buluzi n'kufika msanga ndi uthenga wa imfa. Sindinawadzudzule. Ndinangokhala pansi pa udzu wonyowawo, n'kunena kuti wofuna abwere, koma osamugwira.

Anabwera mmodzimmodzi. Taonani diso ili likuyang'ana ife, linalo likuyang'ana kumbuyo. Taonani zala, ziwiri mbali ino, zitatu mbali inayo, zapana kanthambi ngati pulayala. Akaponya mwendo amayamba wagwedezeka, kutsogolo, kumbuyo, ngati tsamba lili pamphepo. Tinakhala phee kwa nthawi yaitali, mpaka ntchentche inatera pafupi. Lilime linangoti thasu, ntchentche palibe. Kamtsikana kena ka Sitandade 2, kamene chiyambire sikanalankhulepo pagulu, kanafuula kuti, "Wadya! Anti, wadya!" Kenako kanayamba kuwerenga mokweza mapazi ake mpaka 23. Mtima wanga unadzaza.

Apa m'pamene ndinawauza kuti m'nkhalango za ku Ruo, m'phiri lathu lomweli, muli mtundu wa nadzikambe umene supezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo akatswiri anautcha Nadzikambia mlanjensis. Ndinalemba dzinalo pansi ndi kamtengo. Anawerenga pang'onopang'ono, kenako anaseka ndi chimwemwe atazindikira kuti muli mawu athu, mulinso dzina la kwathu. Wa mwala uja sindinaone nthawi imene anautaya. Ndinangomupeza akuumba nadzikambe wadongo, mchira ataupiringiza bwinobwino.

Ambiri akuchonderera kuti tipite ku Likhubula tikaone Dziwe la Nkhalamba. Ndawauza kuti tidikire chiperoni chithe, miyala iume, chifukwa pano ikuterera. Sabata ino ndiyenda khomo ndi khomo kupempha chilolezo kwa makolo, ndipo ndikufuna akuluakulu awiri otiperekeza.