Nyumba ya ku Kalongwezi: pabalaza patha, khonde lidikire chilimwe

Ntchito yokonza miyala ya pansi m'nyumba ina ya ku Kalongwezi, kuno ku Chipata, yafika pakati. Pabalaza ndamaliza, koma khonde ndaliimika dala.

Kwa amene mukundiwerenga koyamba, zokonza miyala ya pansi ndimachita Loweruka ndi patchuthi chifukwa chozikonda basi. Nyumbayi ndi ya mayi wina wa kutchalitchi kwathu, mphunzitsi wopuma. Amandigulira mapadi opukusira miyala ndi mankhwala, n'kuikapo ya sopo. Pabalaza pali matailosi a mabo otuwa, pomwe pakhonde anayala miyala yaphanthiphanthi ija amagulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuipaka polishi wofiira.

Ndisanagwire chida, Amayi anandionetsa chithunzi pafoni: pansi pa hotela ina ya ku Lusaka, powala mpaka magetsi a kudenga kuonekeramo. "Mwanangu, ndikufuna chonchi, kuyambira pabalaza mpaka pamasitepe." Ndinayankha kuti, "Amayi, pabalaza tingayandikireko. Pakhonde ayi, ngakhale mutaitana wa makina aakulu." Nkhope inagwa, ndipo ndinawamvetsa. Koma mawu amenewa amafunika kunenedwa tsiku loyamba ndalama isanatuluke, osati pamapeto munthu atadikira mwezi wathunthu ali ndi chithunzi cha hotela m'mutu.

Sindinachulutse zokamba. Ndinakonza kachigawo kakang'ono kuseri kwa chitseko cha pabalaza, ndi kena pakona ya khonde, kuti aone ndi maso awo komwe mwala uliwonse ungafike. Mabo ndi mwala wofewa, wa gulu la laimu, ndipo tinjere take n'tothinana, n'chifukwa chake amavomera kusalala n'kuwala. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, ali cha pa 3, pamene mwala wolimba wa granite uli pa 6 mpaka 7. Mwala wa pakhondewu ndi wamchengamchenga. Ungaukhule tsiku lonse, ukhalabe wokhakhala, ndipo ndi bwino choncho chifukwa mvula ikawomba pakhonde munthu saterereka.

Pabalaza ndinayamba ndi padi ya dayamondi ya 50 kuti ndidye milomo ya matailosi omwe anatukuka kuposa anzawo, kenaka 100, 200, 400 mpaka 800 (nambala ikamakwera, padi imakhala yosalala kwambiri). Osadumpha nambala. Padi iliyonse imafufuta mikwingwirima ya inzake yapambuyo, ndiye ukadumpha, mizere yozungulira imadzaonekera dzuwa likalowa pawindo madzulo. Madzi asamachoke pamwala. Amaziziritsa padi komanso amagwira fumbi, ndipo fumbi la miyala, makamaka yokhala ndi silika ngati ya pakhondeyi, limawononga mapapo. Chopukusira changa n'chamanja, chotha kuchepetsa liwiro, choncho ntchito imayenda ndi maondo. Magetsi akathima ndimakolopa matope oyera aja asanaume.

Pafupi ndi khomo lopita kubafa panali zigamba zoyera mbuu zimene Amayi ankati ndi litsiro lokana. Silinali litsiro. Anali mabala a asidi, ochokera ku mankhwala otsukira chimbudzi omwe wina anakolopera pansi. Ndinatenga chibenthu cha tailosi chotsala m'sitolo, n'kudonthezapo madzi a ndimu pamaso pawo. Titapukuta patapita mphindi zochepa, panatsala kadontho kozimirira, kosawala, ndipo chala chinkamva kukhakhala. Anaitana mdzukulu wawo kuti naye aone. Kuyambira pamenepo viniga, mandimu ndi mankhwala a kuchimbudzi sizifikanso pabalaza. Madzi ndi sopo wofatsa n'zokwanira.

Chimene chandisangalatsa n'chakuti anasankha okha kuima pa 800. Ndikanatha kupitiriza 1500 ndi 3000, n'kumalizira ndi ufa wopolishira. Ndinawaonetsa mbali ziwirizo moyandikana, n'kuwakumbutsa za fumbi la kuno ku Chipata mu Ogasiti ndi Seputembala. Kamchenga kalikonse ka kunsapato kamalemba pa mabo owala kwambiri, ndipo nyumba ya adzukulu siikhala yovula nsapato pakhomo. Anasisita ndi phazi, n'kunena kuti, "Iyi yofatsayi ndi yanga."

Khonde ndiye landigwira mtima. Nditasungunula polishi ndi mankhwala ochotsera phula n'kukwecha ndi bulashi yolimba, panatuluka mitundu imene mwini nyumba anaiiwala: yachikasu, yotuwa, ina yofiirira yokhala ndi timizere. Pali banga la dzimbiri pomwe pankakhala chitsulo choikapo maluwa. Lazimirirako, koma linalowa mkati, ndipo ndawauziratu kuti silichoka lonse.

Sealer, mankhwala otsekera mwala kuti usamamwe madzi ndi litsiro, sindinapake. Kuti ndione ngati muli chinyezi, ndinamata pulasitiki pamiyala ndi tepi mbali zonse n'kuisiya maola 24. Nditamatula, kunsi kwake kunali thukuta, mwala utada. Mvula yangosiya kumene ndipo nthaka ikadali ndi chinyezi. M'mizere ya simenti mukutulukanso ufa woyera, mchere umene madzi amakwera nawo kuchokera pansi. Ukatseka mwala uli choncho, umachita zigamba zoyera kunsi kwa mankhwala. Mwana wawo wa ku Ndola anaimba foni kuti tingopaka vanishi kuti pawale msanga. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, vanishi pakhonde lowombedwa ndi dzuwa ndi mvula amasupuka, ndipo kumuchotsa n'kovuta kuposa polishi tachotsayu." Ndikufuna sealer wolowa m'mwala, wosasiya chikopa pamwamba, kuti chinyezi chizitha kutuluka.

Tagwirizana kuti ndidzabwereza kuyesa kwa pulasitiki mu Juni. Pakadali pano ndikugoba simenti yosweka ya m'mizere ya pamasitepe, ndipo ndikusakasaka mchenga wa mtundu wofanana ndi wakalewo kuti zigamba zisadzaonekere. Amene mukudziwa komwe ndingaupeze wofiirirako pang'ono kufupi ndi tauni, ndiuzeni.