Nietzsche sankaseka

Usiku magetsi atathima ndinayatsa kandulo n'kubwerera kwa Friedrich Nietzsche, katswiri wa filosofi wa ku Germany, mwana wa m'busa uja. Ambiri amangomudziwa ndi mawu a mu 1882 akuti Mulungu wafa, n'kumati ankanyoza. Ine ayi. Mawuwo anawaika m'kamwa mwa wamisala amene anathamangira kumsika atayatsa nyali kunja kutayera kale, ndipo omusekawo anali anthu osapemphera. Nkhawa ya Nietzsche inali yakuti Azungu akataya chikhulupiriro, chabwino ndi choipa azichiyeza ndi chiyani? Iye anathawira ku luso, makamaka nyimbo, ngakhale anadzadana ndi Wagner, katswiri wopeka nyimbo.

Koma maganizo ake oti chifundo ndi khalidwe la akapolo, pamenepo tasiyana nawo bambowa. Mutu utawasokonekera ku Turin, mzinda wa ku Italy, mu 1889, anawadwazika ndi mayi awo, mpaka mayiwo kumwalira mu 1897.