Tsiku limene ndinazimitsa Nsima ndili ku Mabvuku

Malume anga a Phiri anabwera kuno kuchokera ku Dedza mzinda uno ukadali Salisbury, dzina la Harare lisanabwere mu 1982. Anagwira ntchito yophika kwa azungu zaka zambirimbiri, ndipo kwa iwo ntchito ndi imene munthu amabwerako atatuluka thukuta. Ine ndimasamalira makompyuta pa kampani ina ku Msasa, dera lina la kuno ku Harare, ndiye akandipeza masana ndili pakhonde ndi laputopu pamiyendo amangopukusa mutu.

"Mphwanga, anakuchotsa ntchito eti? Tiuze tidziwe."

Loweruka lina tinali ndi alendo kwathu ku Mabvuku, azakhali awiri ndi mkulu wina wa kumpingo. Nsima itatha, malume anayambanso nyimbo yawo ija pamaso pa anthu, ndipo ine mtima unandituma kuti lero ndiwatseke pakamwa.

Ku ofesi tili ndi ma server awiri, makompyuta akuluakulu osunga zonse za kampani, amene amakhala m'kachipinda kozizira kokiyidwa. Ndinawatcha mayina ndekha. Wamkuluyo ndi Nsima, chifukwa akasowa palibe amene amadya: maimelo ali momwemo, malipiro ali momwemo. Winayo ndi Ndiwo, wakale, woyeserapo zinthu. Ma server atsopano a Dell amabwera ndi iDRAC, a HP ndi iLO, zoti munthu uziwalamula uli kutali. Athuwa ndi ongolumikiza, alibe zimenezo, choncho aliyense ndinamumangirira kabokosi ka KVM kamene ndinakonza pa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi. Chingwe cha HDMI chimatenga chithunzi, cha USB chimanamiza server kuti pali munthu wakhala pompo ndi kiyibodi ndi mouse, ndipo timawaya tina ndinatilumikiza ku batani loyatsira. Kusiyana kwake ndi AnyDesk, pulogalamu yolowera pa kompyuta uli kutali, n'koti AnyDesk imafa limodzi ndi kompyuta, pamene kabokosika kamakhalabe maso. Umaona ngakhale BIOS, zija zimaoneka kompyuta ikangoyaka kumene, umazimitsa, umayatsa, uli pa mpando wako.

Zonsezi ndinazifotokoza mokweza, dzanja lili m'mwamba ngati mlaliki. Azakhali anati "Eee!" ngakhale ndikukayika ngati anamvapo kanthu.

"Malume, penyani apa. Makina awa ali ku Msasa. Ndiwazimitsa, kenaka ndiwadzutsa, osanyamuka pano."

Ndikanangodina poti restart, bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma ndinkafuna aone mdima kaye, kenaka kuwala, azidziwa kuti mphwawo si munthu wamba. Pa laputopu panali masamba awiri otsegula, ofanana ngati mapasa, kusiyana kadzina kakang'ono pamwamba. Maso anga anali pa nkhope ya malume. Ndinadina power off.

Chithunzi chinada bii. "Mwaona? Tsopano taonani." Ndinadina poyatsa. Zii. Ndinadinanso. Kanthu kozungulira kaja kanayamba kuzungulira, kuzungulira, ngati galu wofuna pogona.

Apa m'pamene ndinawerenga kadzina kaja. Nsima.

Thukuta limene malume ankalifuna zaka zonsezi linatuluka nthawi imodzi. Vuto silinali kuzimitsa kokha. Kuti ndifike pa timabokosi tija ndili kunyumba, ndimadutsa pa VPN, khomo lolowera mu netiweki ya ofesi. VPN imeneyo ndinaiika mwa Nsima, ine ndemwe, ndi manja angawa, chifukwa ndi amene sazimazima. Kabokosi kanali moyo ndithu ku Msasa, kakudikira lamulo langa, koma njira yokafikira ndinali nditaigumula.

"Yadzuka?" anafunsa mkulu wa kumpingo.

"Ikuganiza kaye."

Malume anatsokomola. "Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo."

Foni inalira. Abwana. Kunali kutha kwa mwezi ndipo mayi wowerengera ndalama anali kumalizitsa malipiro ali kwawo, basi zonse zangoti psiti. Ndinayankha ndi mawu aulemu kwambiri kuti inde bwana, ndaliona kale vutolo, ndikulithamangira. Bodza panalibe pamenepo. Ndinaimbira mlonda kuti akangodina batani, iye n'kundikumbutsa kuti kiyi wa kachipindako alipo mmodzi. Ndinagwira m'thumba. Analimo.

Malume anali atavala kale jekete ndi chipewa. "Tiye. Ndikaione nsima yozimayo."

Tinakwera kombi yopita m'tauni. Hwindi, kondakitala wa kuno, anatipanikiza anayi pampando wa atatu, chenji osabweza, ndipo njira yonse ya Mutare Road malume ankafotokozera anthu osawadziwa, Chishona chosakaniza ndi Chichewa, kuti mwana uyu amayendetsa makina ali kutali, n'chifukwa chake tikupita komweko. Mayi wina wonyamula dengu la tomato anaseka mpaka kutsamira pa phewa langa.

Titafika, mlonda anatitsegulira geti akudzikanda m'mutu. Ndinatsegula kachipinda, mphepo yozizira n'kutiwomba. Ndiwo anali phee, akung'ung'udza, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Nsima ali chete. Pamwamba pake kabokosi kanga kakuwala monyada ngati palibe chachitika.

Ndinayamba kutulutsa laputopu m'chikwama, chizolowezi. Malume anawerama, n'kuyang'anitsitsa.

"Batani lake ndi ili?"

"Eya, koma dikirani ndi..."

Anadina ndi chala chawo chokhakhala chija. Mafani anabangula, timagetsi tinayaka, ndipo patapita mphindi zochepa foni yanga inanjenjemera: abwana, "Zabwerera, wagwira ntchito."

Malume anapukuta chala pa jekete. "Ndiye za kutali zija ndi zimenezi? Kombi ziwiri?"

Lolemba ndinasamutsa VPN kuiika pa router, kabokosi kolumikiza ofesi ku intaneti, ndipo tsamba la Nsima ndinalipaka utoto wofiira woti ngakhale wakhungu aone. Koma ku Mabvuku nkhani inali itafika kale kumpingo, kumsika ndi kubawo. Akuti kampani ya ku Msasa inagwa, akatswiri analephera, mpaka anachita kukatenga a Phiri. Dzulo mayi wina wabwera ndi wailesi yakufa, ndipo ine nditatambasula manja kuti ndilandire, anandilambalala n'kufunsa ngati malume alipo.