Alamu anga ndi mbendera yachikasu

Kuchoka ku Miami, mzinda wa ku Florida m'dziko la America, kukafika pa kachilumba ka Bimini, ku Bahamas, ndi mamailosi a panyanja osakwana 50. Boti la matanga loyenda manoti 5, ndiko kuti mamailosi a panyanja 5 pa ola, monga limene timakhalamo ine ndi akazi anga, limatha mtunda umenewu pa maola 10. Pamapu ndi mzere wowongoka wopita kum'mawa basi. Koma pakati pamenepa pamadutsa Gulf Stream, mtsinje wa madzi ofunda woyenda m'kati mwa nyanja kulowera kumpoto. Ukawerengera njira yonse liwiro lake ndi pafupifupi manoti 2.5, ndipo pakatikati pake limafika 3.5 mwinanso 4. N'chifukwa chake owoloka pamenepa ali ndi lamulo limodzi: mphepo ikangokhala ndi kafungo ka mpoto, nangula asazulidwe. Mpoto umakankhira madzi kum'mwera, mtsinje ukuwakokera kumpoto, ndiye mafunde amafupika n'kuima njo, ngati ubweya wa mphaka ukamusisita chobwerera.

M'miyezi yozizira mphepo ya kumeneko imazungulira mwadongosolo. Imayamba vuma, n'kupendekera kum'mwera, kenako mwera weniweni, kenako zambwe. Ikafika pamenepo ndiye kuti mzere wa mpweya wozizira, umene amalinyero amangoti front, uli pakhomo, ndipo ukangodutsa umagwa mpoto wamphamvu wa masiku angapo. Mpata wowolokera ndi uja wa mwera. Nthawi zina umatenga masiku awiri, nthawi zina theka la tsiku. Maboti amadikirira mpatawu pa No Name Harbor, ku Key Biscayne, ndipo anthu ake amakhala akuyenderana ndi timabwato, nkhani yake imodzimodziyo ya mphepo.

Ifenso tinali pomwepo mu Januwale, tikudikira mwamtendere, mpaka anatulukira alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Anabwera ndi tchuthi cha sabata imodzi, chisutikesi cholimba cha matayala chimene sichinalowe m'kabati iliyonse ya m'boti, komanso funso limodzi lomwe ankalifunsa akadzuka, akamadya ndi akamagona.

"Alamu, Bahamas'yo tinyamuka liti?"

Munthu ukafunsidwa funso lotere masiku atatu otsatizana, umayamba kuona mpata ngakhale pamene palibe. Usiku wa Lachitatu ndinatsitsa pafoni fayilo ya GRIB, ija imaonetsa timivi ta mphepo pamapu pakadutsa maola atatu alionse. Zinali zokongola. 12:00, mwera wa manoti 12. 15:00, wapendekera kumadzulo pang'ono. 18:00, timivi tonse tatembenuka, mpoto wa manoti 20. Ndinawerengera: tikanyamuka 7 koloko m'mawa, 5 koloko madzulo tili ku Bimini, kukadali kowala, ola lathunthu tikumwa tiyi mpoto usanafike.

"Bambo, ola limodzi ndi mpata umenewo?" anafunsa akazi anga. "Nanga anzathuwa bwanji sakumasula zophimba matanga?"

Ndinawafotokozera kuti anthu ena amagula boti kuti azikhalira pa nangula. Mkulu wina wa boti loyandikana nafe anakuwa kufunsa ngati ndamvera zanyengo za NOAA, bungwe la boma la America lolosera zanyengo, pa wailesi ya m'boti ya VHF. Ndinamuimikira chala chachikulu. Wailesiyo ndinali nditaitsitsa mawu kuti alamu agone bwino, ndipo ine ndimaona kuti olosera a pa wailesi amakonda kuopseza anthu.

Chisutikesi chija sichikanasiyidwa chomasuka. Ndinasakasaka chingwe chachitali bwino, n'kupeza chimene chimapinda thanga lalikulu kachiwiri, ndiko kulichepetsanso mphepo ikakula. Ndinachisolola mu mtanda wa pansi pa thanga, n'kumangira sutikesi ku mwendo wa tebulo. Pa mwera wa manoti 12 ndani amapinda thanga kawiri?

Tinatuluka 7 koloko ndendende. Alamu anakana mapiritsi a mseru, amene amagwira ntchito ukamwa ola limodzi usananyamuke, ati iwo ndege yomwe siiwazunguza mutu.

Kawolokedwe koyenera ka mtsinje umenewu n'kosavuta. Maola 10 kuchulukitsa ndi manoti 2.5, ndiye kuti madzi akutengera mamailosi 25 kumpoto, ufune usafune. Choncho umaloza mphuno ya boti pamalo a mamailosi 25 kum'mwera kwa Bimini, n'kugwira nambala imodzi ya kampasi osaisintha. Pa GPS njira yako imakhota ngati chilembo cha S, pakati umaoneka ngati wasochera, koma kumapeto umakatulukira pakhomo penipeni. Zonsezi ndimazidziwa. Koma alamu anasangalala kwambiri ndi kaboti kojambula koyenda pamzere wa pa sikirini, moti katangopatuka pang'ono anayamba kudandaula kuti tikupita ku Canada. Ndiye ndinauza autopilot, makina owongolera boti pawokha, kuti izitsatira mzerewo.

Makinawo anamvera. Mtsinje ukamakula mphamvu, iwonso ankapotozera mphuno kum'mwera kuti tisachoke pamzere. Pofika pakati, pamene madzi ankathamanga manoti 3.5, boti linali litapendeka pafupifupi madigiri 45, likuyenda cham'mbali, gawo lalikulu la mphamvu yake likuthera kulimbana ndi madzi. M'madzi tinkayenda manoti 5, koma opita ku Bimini anali 3.5 okha. Masana atakwana tinali tisanafike ndi theka lomwe, koma kaboti ka pa sikirini kanali pamzere bwinobwino, alamu akuombera m'manja.

Barometa, chipangizo chimene chikamatsika chimachenjeza za nyengo yoipa, inali ikutsika chiyambire m'mawa. Cha m'ma 12:30 mphepo inapita kumadzulo, kenako inangoti zii, matanga akupupuma. Kumpoto chakumadzulo kunaoneka mtambo wakuda bii, wautali kuchokera mbali ina ya thambo kukafika ina. Akazi anga anauyang'ana, n'kuyang'ana ine, kenako anatenga foni ija.

"Bambo, tizilembo titatu tili pakonapa timati chiyani?"

"Titi?"

"UTC."

Mafayilo a GRIB amayendera nthawi ya dziko lonse, ya ku Greenwich. Florida mu Januwale amakhala maola 5 kumbuyo kwa nthawi imeneyi. 18:00 ija inali 1 koloko masana. Mpaka lero ndimati vuto ndi la amene analemba tizilembo tofunika chonchi ting'onoting'ono, pakona, pamene chala chachikulu cha munthu chimagwira foni.

Thanga umapinda pamene wangoganiza zopinda, mphepo isanafike. Tinavala malamba otimangirira ku boti, n'kupinda koyamba mwachangu: kumasula chingwe cholamulira mtanda, kutsitsa thanga mpaka mphete yoyamba, kukoleka mpheteyo pa ngowe ya pa mlongoti, kukweza n'kulimbitsa, kenako kukoka chingwe cha kumapeto kwa mtanda. Thanga la kutsogolo tinalikulunga kusiya kachidutswa. Kenako inagwa mvula yozizira yobaya kumaso, ndipo mphepo inafika yonse nthawi imodzi. GRIB inati manoti 20, koma iyo imapereka liwiro lapakati, mikuntho saionetsa bwino. Chipangizo chathu chinkawerenga 25, nthawi zina kudumpha 30.

Pa mphindi 20 nyanja inali ina. Mafundewo kutalika kwake sikunali koopsa kwenikweni, chovuta chinali kuthithikana. Boti lisanatsike bwino pa funde ili, lina lafika kale pamphuno, ndiye limangogwa phu, ziwiya m'makabati n'kuyankha. Alamu analeka kuyang'ana sikirini. Nkhope inatuwa, anapereka kunyanja zonse zimene anadya, ndipo koyamba anaperekera mbali yochokera mphepo, zinthu n'kubwerera kwa mwini wake ndi kwa ine. Atatero anakwawira m'kachipinda ka kumbuyo, chidebe pachifuwa.

"Bambo, pindani kachiwiri," anatero akazi anga ali pa chiwongolero.

Ndinakhala chete.

"Bambo, chingwe chachiwiri chili kuti?"

Panalibe kuchitira mwina koma kuliimitsa boti. Njira yake ndi iyi: umatembenuza mphuno kudutsa mphepo osamasula chingwe cha thanga la kutsogolo, kuti mphepo ilimenye chakumbuyo. Thanga lalikulu umalimasulako, chiwongolero n'kuchipotozera kumene kukuchokera mphepo ndi kuchimanga. Thanga la kutsogolo limakankhira mphuno uku, chiwongolero chikukankhira uko, boti limangoyandama chopendeka likuyenda mwina noti imodzi. Phokoso limachepa moti umatha kuganiza. Ndinatsikira m'kati n'kumasula sutikesi.

Chinthu cha matayala pansi popendeka sichidikira. Ndisanakwere n'komwe masitepe, chinali chanyamuka. Chinagunda chitseko cha kuchimbudzi, n'kubwerera kudzatsegula kabati ya mapoto, funde lotsatira chinatseguka chokha n'kumwaza malaya amaluwamaluwa ndi nsapato zosambirira. Ndinachisiya chikuyendera nyumba.

Kubwezera chingwe m'kati mwa mtanda, nyanja ili chomwecho, n'zosatheka. Ndinatsitsa thanga mpaka mphete yachiwiri, kutsogolo n'kukoleka pa ngowe, kumbuyo n'kulowetsa chingwe m'mphete, kuzunguliza pa mtanda kangapo ndi kukokera kumapeto kuti thanga liphwatalale. Ndi ntchito ya mphindi zisanu padoko. Pamenepo, dzanja limodzi likugwira boti, mtanda ukufuna kundichotsa mano, mfundo ikumasuka ndikangotembenuka, zinatenga nthawi yoti sindinafune kuyang'ana wotchi. Titamaliza kumanga, kupopa madzi amene analowa pa zenera la pamwamba lomwe alamu anatsegula kuti apume, ndi kutsekera sutikesi m'chimbudzi, maola awiri anali atapita. Boti linaima, inde, koma madzi amene linaimapo ankayendabe. GPS inaonetsa kuti tatengedwa mamailosi 7 kumpoto.

Tsopano njira zinalipo zitatu. Bimini tikanafika usiku, ndipo khomo lake ndi lopapatiza, lili ndi mchenga wosaya, layang'ana kumadzulo kumene mafunde onsewa ankathira. Boti likagunda mchenga pakhomo lotere mafunde akuswekera pomwepo, ulendo wa botilo wathera pompo. Kubwerera ku Miami kunkafuna kulimbananso ndi mtsinje, popeza tinali kale kumpoto kwake. Yachitatu inali Port Everglades, khomo la Fort Lauderdale, mzinda wina wa ku Florida komweko, mamailosi pafupifupi 25 kumpoto kwa kumene tinachokera, lakuya, lotakata, la sitima zikuluzikulu, lokhala ndi magetsi otsogolera. Tikangoloza kumadzulo, mpoto ukutimenya m'nthiti, mtsinje womwewo ukanatifikitsa pakhomopo. Ine ndinali ndikadafotokoza ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse pamene ndinazindikira kuti akazi anga atembenuza kale boti.

"Pitirizani kufotokoza, bambo, ndikumva. Koma kokani chingwecho."

Maola otsatira anali onyowa. Funde lililonse lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi linkalowa pokhalira oyendetsa n'kudzatipeza m'khosi. Titayandikira gombe mtsinje unafooka, mafunde anatalikirana, boti linayamba kuyenda ngati boti. Tinaliza injini, kutsitsa matanga, n'kudikira kunja kwa njira kuti sitima ina yonyamula makontena ituluke. Ku America polowa padoko magetsi ofiira amakhala kudzanja lamanja, obiriwira kumanzere, ndipo akazi anga ankawatchula mokweza limodzilimodzi, ati popeza tsikulo kuwerenga kunali kovuta kwa anthu ena. Tinaponya nangula pamalo abata pakati pa nyumba, n'kugona ndi zovala zonyowa.

Alamu anali asanatuluke m'kachipinda chilowereni. Za kutembenuka kwa boti sanazimve, za injini sanazimve.

M'mawa ndinadzutsidwa ndi kulira kwa kachingwe pa mlongoti. Nditasuzumira ndinawapeza ali pamwamba, atasamba, atavala malaya amaluwa aja, pasipoti ikuonekera m'thumba. Masiku amene tinkadikira aja ndinawaphunzitsa kuti boti likafika m'dziko lachilendo limakweza mbendera yachikasu, ya chilembo cha Q, mpaka a zolowa ndi kutuluka atalilola, ndipo phunzirolo analisunga. Mbenderayo inali ikupepera bwinobwino kudzanja lamanja la mlongoti. Iwo anali kalikiliki kujambula mitengo ya kanjedza ndi nyumba za m'mphepete, zithunzi zikupita pa WhatsApp.

Bambo wina wodutsa pa kabwato anaona mbendera, n'kuchepetsa liwiro kufunsa kuti tachokera dziko liti.

"Miami!" anayankha alamu monyadira, akuloza kunyanja. "Usiku wonse!"

Bamboyo anayang'ana mbendera, anayang'ana alamu, n'kupitiriza ulendo wake osanena kanthu.

Ndinatsegula pakamwa, koma akazi anga anandiponda phazi. "Asiyeni achimwene amwe kaye tiyi," ananong'ona. "Ndipo wowauza ndinu."

Alamu anakhala pansi, n'kulandira kapu ndi manja awiri, akuyang'ana maboti otizungulira ndi mbendera zake za mizere yofiira ndi nyenyezi.

"Koma alamu, dziko n'lokongola ili," anatero akupukusa mutu. "Chondidabwitsa n'chimodzi. Anthu a ku America adzaza kuno, mpaka netiweki ya foni abwera nayo."