Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Pepala la Zipangizo Zisanu ndi Ziwiri

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene laputopu yanga yakale inayamba kuzima yokha nthawi iliyonse ndikatsegula masewera a magalimoto a Forza Horizon 5, omwe anatuluka mu November 2021. Fani yake inkalira mosalekeza, kunsi kwake kunkatentha moti sindinkatha kuiika pamiyendo, ndipo galimoto ikafika pokhota zithunzi zinkayenda modukizadukiza mpaka ndinkagunda chipupa ndisanachione. Pofika kumapeto kwa chaka cha 2022 ndinali nditasunga ndalama kwa miyezi yambiri, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti sindigula kompyuta yomanga kale, koma ndisankha chipangizo chilichonse ndekha n'kuzilumikiza ndi manja anga.

Ndinatenga pepala n'kulemba mizere isanu ndi iwiri: purosesa (ubongo wa kompyuta), motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse), RAM (memori yogwirira ntchito kompyuta ikayaka), khadi la zithunzi, SSD (chosungiramo mafayilo ndi masewera), power supply (chogawira magetsi ku zipangizo) ndi bokosi loikamo zonsezi. Pamzere uliwonse ndinalemba dzina la chipangizo champhamvu kwambiri chomwe ndinamva chikutamandidwa, kenako ndinapita nalo kwa achimwene anga aakulu, omwe anagwira ntchito yokonza makompyuta kwa zaka zambiri. Analiwerenga mwakachetechete mpaka kumapeto, n'kulitembenuza, n'kundifunsa funso limene sindinkaliyembekezera.

"Kodi iwe, sikirini yako ndi yotani?"

"Ndi ya 1920 ndi 1080, achimwene, koma imeneyo sindinailembe chifukwa ndili nayo kale."

"Ndiye tiyambire pomwepo," anatero. "Sikirini ndi imene ikuuze khadi loti ugule, ndipo khadilo ndi limene likuuze zina zonsezo."

Anandifotokozera kuti khadi la zithunzi limajambula kadontho kalikonse ka pa sikirini kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo sikirini ya 1920 ndi 1080 ili ndi timadontho topitirira pang'ono mamiliyoni awiri, pamene ya 4K ili ndi topitirira mamiliyoni asanu ndi atatu. Khadi limene ndinalemba linapangidwira sikirini ya mtundu wachiwiriwu, yomwe ndinalibe ndiponso sindinkaganiza zogula, ndipo likanandidyera ndalama zonse n'kundisiya wopanda chogulira zina zisanu ndi chimodzi. Tinalifufuta, ndipo tinatsala ndi makhadi awiri oti ndisankhepo: RTX 3060 ya Nvidia, yokhala ndi memori ya 12GB, yomwe imadya magetsi okwana 170W, ndi RX 6600 ya AMD, yokhala ndi 8GB, yomwe imadya 132W. Mtima wanga unali pa 12GB chifukwa nambala yaikulu imakopa maso, koma pa sikirini ngati yangayo kusiyana kwa makhadi awiriwa m'masewera ambiri kunali kochepa, ndipo ndinasankha RX 6600 kuti ndalama zotsalazo zipite kwina.

Ndisanaligule, panabwera chiyeso. Pa 15 September 2022 ndalama ya pa intaneti ya Ethereum inasintha kayendetsedwe kake n'kusiya kufuna makhadi a zithunzi poikumba (ndiko kuti poipeza pogwiritsa ntchito makompyuta), motero anthu amene anagula makhadi ochuluka m'zaka za 2020 ndi 2021, nthawi imene makhadi ankasowa padziko lonse, anayamba kuwagulitsa motchipa. Munthu wina anandisonyeza khadi lamphamvu kuposa limene ndinasankha, akunena kuti silinagwire ntchito kwambiri. Achimwene analiunika ndi tochi ya foni, ndipo tinaona fumbi litagwirana ngati thonje pakati pa timizere ta chitsulo choziziritsa, komanso kumbuyo kwake kunali madontho onga mafuta, ochokera m'timapepala tofewa timene timachotsa kutentha pa memori. Atazunguza fani imodzi ndi chala, inalira mokhwekhwereza n'kuima msanga kuposa inzake. Sikuti khadi lililonse lokumbira ndalama ndi lowonongeka, pakuti ena ankawasamalira bwino, koma ine ndinalibe ndalama zogulira kawiri, ndipo khadilo linalibe chitsimikizo choti likafa adzandibwezera. Ndinalibweza m'manja mwa mwini wake mtima ukundipweteka.

Nkhani ya purosesa inanditengera masiku ambiri kuposa zina zonse. M'mwezi womwewo wa September kampani ya AMD inali itatulutsa soketi (malo ozikapo purosesa pa motherboard) yatsopano ya AM5, yomwe imalandira RAM ya mtundu wa DDR5 yokha, ndipo ndinkaopa kuti ndikagula za soketi yakale ya AM4, yomwe inayamba mu 2016, ndikhala ndagula chinthu chimene chikutha. Komabe nditawerengera purosesa, motherboard ndi RAM zatsopanozo pamodzi, ndinaona kuti zikanandikakamiza kutsitsa khadi la zithunzi, lomwe ndi limene limanyamula katundu wolemera m'masewera. Ndinasankha Ryzen 5 5600, yomwe inatuluka mu April 2022, ya makoo (tizigawo togwira ntchito mkati mwake) asanu ndi limodzi, yobwera ndi fani yake m'bokosi. Ndinatsala pang'ono kutenga inzake ya 5600G chifukwa imatha kuonetsa zithunzi popanda khadi, koma achimwene anandisonyeza kuti memori yake yofulumira ya mkati ndi 16MB pamene ya 5600 ndi 32MB, ndiponso kuti imalankhula ndi khadi kudzera pa njira za PCIe 3.0 m'malo mwa za PCIe 4.0, zomwe ndi zofulumira kuposa za 3.0. Izi zinali zofunika kwa ine chifukwa RX 6600 imagwiritsa ntchito njira zisanu ndi zitatu zokha mwa njira 16 za pa malo ozikapo khadi, choncho liwiro la njira iliyonse lili ndi kanthu.

Chifukwa chomwecho chinandichotsa pa motherboard ya B450, yopanda PCIe 4.0, n'kundipititsa pa B550, yomwe ili nayo. Apa ndinaphunziranso kuti purosesa ikhoza kulowa bwinobwino mu soketi koma kompyuta osayaka, ngati BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yoyambitsa kompyuta, ndi yakale kuposa purosesayo. Ma B550 oyamba anatuluka mu June 2020, mapurosesa a Ryzen 5000 asanabwere, motero ndinafunafuna motherboard yokhala ndi kabatani kumbuyo kothandiza kuika BIOS yatsopano kuchokera pa fulashi ngakhale purosesa isanaikidwe.

RAM ndi SSD sizinandivute. Ndinatenga timitengo tiwiri ta RAM ya mtundu wakale wa DDR4 ta 8GB ta liwiro la 3200 m'malo mwa kamodzi ka 16GB, popeza tiwiri timatsegula njira ziwiri zopita ku purosesa, ndipo ndinalemba m'mphepete mwa pepala kuti ndidzatizike pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa ndi kukatsegula XMP mu BIOS, yomwe imalola RAM kuyenda pa liwiro lake lonse, apo ayi tidzayenda pa liwiro lotsika. SSD ndinasankha ya mtundu wofulumira wa NVMe ya 1TB, chifukwa masewera a magalimoto aja okha amadya malo opitirira 100GB.

Pamene ndinkafika pa mzere wa power supply ndalama zinali zitatsala pang'ono, ndipo ndinalemba yotsika mtengo kuposa zonse, yopanda dzina lodziwika, yomwe pachikuto pake analembapo 700W ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinkaganiza kuti chipangizochi sichiwonjezera chithunzi ngakhale chimodzi pa sekondi, ndiye palibe chifukwa chochiwonongerapo ndalama. Achimwene sanandikalipire. Analowa m'chipinda n'kutulukamo ndi motherboard yakale, n'kundiloza pafupi ndi pamene pamalowa mawaya 24, pomwe pulasitiki inali itasungunuka n'kuda bii, ndipo fungo la kupsa linali likumvekabe ukaiyandikiza kumphuno.

"Mwini wake wa iyi anasunga ndalama pa power supply ngati mmene ukufunira iwemo," anatero. "Itafa, inapita ndi motherboard ndi hard disk yomwe."

"Nanga ndidzadziwa bwanji yabwino, achimwene, popeza zonse zimaoneka ngati bokosi lakuda?"

Anandiuza kuti ndisayang'ane nambala yaikulu ya pachikuto, koma ndiwerenge mphamvu imene imatuluka pa njira ya 12V, chifukwa ndi imene imadyetsa purosesa ndi khadi, ndiponso ndione ngati ili ndi zotetezera zoizimitsa magetsi akakwera mopitirira muyezo kapena mawaya akagundana. Anandichenjezanso kuti chizindikiro cha 80 Plus chimangonena kuti magetsi osachepera 80 pa 100 aliwonse olowa amafika ku zipangizo m'malo mosanduka kutentha, koma sichilonjeza kuti zamkatimo ndi zolimba, motero ndinayenera kuonanso zaka za chitsimikizo chimene opanga amapereka. Titawonkhetsa 65W za purosesa, 132W za khadi ndi zina zing'onozing'ono, sizinafike pa 300W, ndipo ndinasankha ya 550W ya 80 Plus Bronze yochokera kwa opanga odziwika. Kuti ndalama zikwane, ndinasiya bokosi lagalasi lokhala ndi magetsi amitundumitundu lomwe ndinkalilakalaka, n'kutenga wamba lokhala ndi maenje a mpweya kutsogolo, nditayerekeza kaye kutalika kwa khadi ndi mamilimita amene opanga bokosilo analemba.

Zipangizo zinafika m'masabata atatu, chimodzichimodzi, ndipo chomaliza chinali purosesa. Usiku umenewo ndinayala zonse patebulo, ndinakhudza chitsulo cha bokosi kuti ndichotse magetsi a m'thupi monga achimwene anandilangizira, n'kutsegula kapulasitiki ka purosesayo. Nditaitembenuza pansi pa nyale ndinaona mapini 1331 agolide, opyapyala ngati tsitsi, atandandalikana m'mizere, ndi kachizindikiro ka makona atatu pangodya imodzi koyenera kukumana ndi kanzake pa soketi. Manja anga ankanjenjemera, choncho ndinaibwezera m'kapulasitiki kake n'kuimbira foni achimwene, ndipo anandiuza kuti ndisakhudze chilichonse mpaka Loweruka m'mawa, pamene adzabwera ndi sikuludiraiva yawo.